Zatsala Zisanu ndi Zinayi

Ndinasainira zaka khumi ndi zisanu
ndi cholembera chobwereka, chotafunidwa kumutu.
Lero zatsala zisanu ndi zinayi.

Pachipatala cha Nkhotakota
a Chimphepo amandidziwira mtsempha,
wakumanzerewu, wothawathawa.
"Fumbata, Asiyatu."
Ndifumbata.
Timabotolo tinayi tilowa m'bokosi la ayezi
kukakwera galimoto ya ku Lilongwe, mwina kupitirira.
Magazi anga akuona maiko
mwini wake ndikupalasa njinga yopanda mabuleki.

Ndinabadwa ndi zikwakwa m'mitsempha.
Juni akafika, mwera ukawomba,
zinkamweta mafupa ngati mpunga wa ku Bua.
Twaibu zinam'mweta ali Sitandade 3.
Yunifomu yake amayi sanaipereke kwa munthu.

Atanena kuti akonza majini
azakhali anamva za ziwanda, nathamangira kwa ashehe.
Adokotala anaseka, kenako anasiya kuseka.
"Takonza chilembo chimodzi m'mafuta a m'mafupa,
koma kalatayo ndi yaitali.
Kaya inki inadonthera pena, sitikudziwa.
Tiziwerenga limodzi, chaka ndi chaka."

Chimene amafunafuna sachitchula msanga.
Amayamba ndi sikelo.
Kenako: waonda? Ukutuluka magazi m'nkhama?
Thukuta la usiku?
Mu Okutobala, kuno,
ndani amagona wouma?
Aseka, komabe alemba.
Mawu oti khansa ali patsamba lachitatu,
ndinawawerenga chozondoka, failo ili pamiyendo pawo.

Sumaili wa kokonzera mafoni anandifunsa:
"Ndiye unachira?"
Ndinati ndikuwerengedwabe.
Ndinamuuzanso kuti mbewu sanaikhudze,
mwana wanga adzatenga chikwakwa chimodzi,
kayezetse ako tisanatume ankhoswe.
Wapita sabata yatha. Amaopa jakisoni, mwamuna wonse uja.

Tsopano ndi milungu itatu yodikira.
Foni ndimaimanga papulasitiki, m'chitenje,
ndikulowa m'dambo kukawokera,
madzi ozizira mpaka m'mawondo,
madzi omwe ankandigoneka m'wodi masiku khumi.
Msana ukuwawa.
Ndiima, ndimvetsera bwino:
ayi, ndi kuwawa kwa aliyense,
kuwawa kwa munthu amene wagwira ntchito.

Uthenga ukadzalira udzakhala waufupi.
Kasanu ndi kamodzi, kakhumi, wakhala womwewo:
zili bwino, bwerani mu Meyi.
Ndimauwerenga kawiri
ndi chala chamatope,
kenako nditola mbande ina.