Tisanakhome Zikhomo

Zaka makumi atatu ndakhala ndikufunsa nthaka ndi chidendene.
Ndikaponda, ikati gu, basi,
chingwe chikokedwe, zikhomo zilowe.
Koma pa poloti ya a Ndau, kuseri kwa msika wa Lizulu,
kunabwera mtsikana wovala jombo,
Eneless, wa ku labotale,
nati tiyambe takumba dzenje
lomwe simudzakhala njerwa ngakhale imodzi.

Uvuni unapsa kalekale.
Simenti ili m'chipinda cha apongozi awo,
matumba makumi anayi, thukuta la ku Joni,
ndipo eniake amaimba foni usiku uliwonse:
kodi khoma lafika m'chiuno?

Tinakumba nkhungu isanachoke m'phiri.
Mita yoyamba, katondo wofiira, wouma gwa,
wondichitira umboni.
Ndinatsokomola mokweza kuti mtsikanayo amve.
Kenaka piki inasiya kulira.
Inatuluka itavala makande akuda bii,
oterera ngati sopo wotsalira kubafa,
pansi pa dzenje nkuyamba kunjenjera madzi
mu Julayi, mvula itaiwalika.

Eneless sananene kuti mwaonatu.
Anatapa dothilo, nalipota pachikhatho
mpaka linasanduka kachingwe kosaduka.
Ili, anatero, dzinja limamwa nkufufuma,
chilimwe limaphwa nkukhwinyata.
Nyumba yanu ikhala pachifuwa cha munthu wopuma.
Anathira m'mapepala apulasitiki, namanga,
nalemba kuti dzenje lachiwiri, mita ndi theka.

Pamenepo ndinakumbuka ku Kampepuza,
golosale ya mayi Nazimbiri.
Ndinaimanga ine, mizere yowongoka ngati ya m'kope.
Dzinja lachitatu mng'alu unayambira pawindo,
nkumatsika pang'onopang'ono ngati mphezi yaulesi
mpaka dzanja la mwana kumalowamo.
Chitseko chinakana feremu lake.
Anthu anati ndi nsanje ya ogulitsa anzawo,
anatchula ndi dzina lomwe,
bambo wina wa kantini mpaka anasamuka.
Ine ndinangogwedeza mutu.
Ndinakamata mng'aluwo kawiri,
kawiri konseko anandilipira, nkundipatsanso tiyi.

Zotsatira zibwera Lachisanu.
Mwina maziko akuya, mwina zitsulo zowonjezera,
mwinanso tisunthira kumtunda, kufupi ndi mapichesi,
komwe mbuzi zimagona pathanthwe.
Anyamata aganyu akudandaula za masiku opita pachabe,
ine ndawauza kuti atseke dzenje ndi malata
ana a sukulu angagweremo.

Usiku uno foni iliranso.
Ndiwauza kuti khoma silinafike ndi pa akakolo pomwe,
atukwane, mayunitsi ndi awo.

Chibuma chimodzi cha makande aja
ndinabwera nacho m'thumba la ovolosi.
Chili pawindo lakukhitchini tsiku lachitatu lero.
Mkazi wanga wafuna kuchitaya kawiri.
M'mawa uno ndachipeza chitang'ambika pakati,
popanda wochikhudza,
ndipo mng'alu wake ndauzindikira.