Ola ndi Theka

Pafoni palembedwa: Inverness kupita ku Bristol,
ola limodzi ndi theka,
mamailosi mazana anayi ndi nyenyeswa zake.
Ndawerenga katatu, nsapato za kuntchito zili kuphazi,
fungo la mankhwala a okalamba lisanachoke m'manja.
Ola ndi theka basi.
Nthawi imene ndimatha posambitsa bambo Urquhart
ndi kuwanyengerera kuti ameze mapiritsi awo.

Komatu papita zaka zinayi, Ndaziona,
chikanganirane za ndalama za chiliza cha bambo,
iwe uli "ndinatumiza", ine ndili "sizinafike",
mpaka foni inatentha kukhutu.
Anaidula ndine. Zimenezo sindikana.

Basi ya kubwalo la ndege yachedwa ndi chisanu.
Folo koloko, kunja kwada kale bii.
Pachipata andivula lamba, andivula jekete,
apeza botolo la tsabola wa kambuzi
amene ndinasinja ndekha Lachiwiri, maso akuyabwa.
Akuti lapyola muyezo.
Mtsikana wa yunifolomu wapepesa kawiri
n'kuliponya m'bini.
Ndiye kuti ndikubwera chimanjamanja.

Bwalo lake n'laling'ono,
moti ndege isanafike mumadziwana kale nkhope,
mumadziwa amene akutsokomola, ndi mwana amene alire.
Mayi wakhala pambali panga akuluka kachipewa ka mdzukulu.
Akuti amapita mwezi ndi mwezi,
kuli ngati kuwoloka msewu chabe.
Ndavomera ndi mutu.

Pansi mdima wa mapiri,
kenako mitambo,
kenako magetsi a matauni amene sindiwadziwa mayina
atamwazika ngati makala a mbaula yogubuduzika.
Ndagula tiyi wa m'kapu ya pepala,
mtengo wake wogulira nkhuku yamoyo kwathu,
ndayamba kuyala mawu:
Achemwali, ine pajatu...
Ayi.
Mlongo wanga, zija zinachitika zija...
Tiyi asanazizire n'komwe
woyendetsa walengeza kuti tayamba kutsika.
Ndikanatha ndikanamugogodera:
zungulirani kaye, bambo, pali wina sanakonzeke.

Basi ikanandipatsa usiku wonse ndi chidutswa cha usana,
msana ukanathyoka, inde,
koma mawu akanafika atapsa.
Ndege yandifikitsa nawo aawisi.

Ku Bristol kuli mphepo ndi kamvula kowaza.
Kagalimoto kofiira, magetsi akuphethira.
Watsitsa galasi.
Imvi zamera pamwamba pa chipumi,
ndipo chipumicho ndi cha bambo chenicheni,
palibe anandichenjeza.
Pakati pa ine ndi chitseko pali mapazi khumi.
Mtunda uwu foni sinauwerengere,
sinanene kuti utenga nthawi yaitali bwanji.
Ndaima, chikwama chikunyowa.

"Lowa msanga iwe, pano amalipiritsa."

Ndalowa.
Chikwama pamiyendo ngati mwana wa eni,
hita ikuuzira m'mawondo,
mawaipa akupita, akubwera, akupita.
Tadutsa raundabauti yoyamba tili duu.
Pa yachiwiri, maso ali pamsewu, wati,
"Wanenepa."
Ndati, "Ndinakutengera tsabola. Andilanda."
Waseka pang'ono, cha m'mphuno,
momwe unkasekera m'tchalitchi mayi akatitsina,
wayatsa indiketa ya kumanzere.
Kufika kunyumba kwako, akuti, ndi mphindi makumi anayi
ngati pamsewu palibe ngozi.