Belu la Namondwe

Dzina lake, Adimiro Penhalo,
lidatipinda lilime tonse a kuseri kwa Kanjala,
choncho tinkangoti Namondwe.

Akuti adalowa usilikali wa pamadzi ndevu zisanamere,
nakwera, nakwera,
mpaka mikono ya jekete idalemera ndi golide.
Zombo khumi ndi zinayi zinkamva mawu ake.
Ndiye popuma adasankha kuno,
kumene Lutembwe m'chilimwe
mbuzi imawoloka osanyowa mchira.

Ine, Yotamu Miti, ndinali mnyamata wa belu.
Adabwera nalo m'bokosi, la mkuwa, lolembedwa dzina la chombo,
nalipachika pa mbawa.
Theka lililonse la ola ndinkaliza,
ngati kuti nkhuku ndi anthu osankha fodya
angasochere popanda ilo.

Fodyayo sadamumvere.
Adalamula mvula, mvula idapita ku Chadiza.
Matalala adaboola masamba iye ataima njo pakhonde,
galasi loonera kutali lili m'khwapa,
akuyang'ana tsekera wa kudambo akugwa ndi kudzuka.

Usiku ndiye ndinkamumva.
Ankatsegula kabuku kakuda pafupi ndi nyali
n'kumaitana maina, limodzilimodzi,
akudikira pang'ono pakati
monga achitira kapitawo polemba tikiti.
Palibe ankavomera.
Kukhi adandinong'oneza: ndi aja adamira.

Malume anga Zakeyo adakwera lole pa Foti Jemisoni,
kenako chombo, kupita kunkhondo ya azungu.
Kudabwera kalata yokha.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndidatchera khutu kuseri kwa chitseko
kuti mwina atchula Zakeyo.
Kufunsa ndidalephera.

Tsiku lina ndikupukuta belu ndi phulusa, adati:
Mnyamata, udaionapo nyanja yamchere?
Ndidati iyayi, bwana.
Adati, uli ndi mwayi.
Ndi zokhazo tidakambapo ife awiri.

Ankafuna kuti akadzafa akamponye m'madzi.
Tidamuika m'katondo wouma gwa,
makasu awiri adathyoka pokumba.
Kabuku kaja kadapita ndi mlongo wake.

Belu lili pasukulu ya kumunsi kuno.
Mdzukulu wanga Tikambenji amalimenya ndi bauti ya thalakita,
mwachisawawa, kasanu ndi kawiri, kakhumi,
ana n'kuthamangira pamzere.
Ine ndimaima pakati pa mtedza wanga, khasu m'manja,
kuwerenga,
n'kumang'ung'udza ndekha kuti nthawi si imeneyo.