Mpando wa Kumanzere

Ntchito yanga ndi kukhala kumanzere,
cholembera m'manja, buleki yangayanga kuphazi,
kuyang'ana manja a okalamba
ali pa chiwongolero.

Lero ndi a Tsurumaki,
zaka makumi asanu ndi atatu kudza chimodzi,
mlimi wa maapozi wa kumapiri a Aomori.
Abwera atavala jekete la kumaukwati.
Aweramira ine, aweramiranso galimoto,
akonza kalilole kawiri
ngati kuti naye ali ndi maganizo ake.

M'chipinda muja tinawaonetsa zithunzi
kuti tione zingati zitsale m'mutu.
Anakumbuka mpeni, ketulo, lipenga.
Njinga inawathawa.
Tsiku analitchula osaphonya
poti Lachinayi ndi lotsuka magazi a mayi akunyumba.
Impso zinatopa kalekale,
chipatala chili kutsidya kwa mapiri awiri,
basi inasiya kufika kwawo
chaka chomwe sukulu inatsekedwa.
Izi sindinafunse.
Angozinena akumanga lamba.

Tanyamuka ngati tanyamula mazira.
Pakona ayatsa siginolo nthawi idakalipo,
pachitunda galimoto sinabwerere m'mbuyo.
Koma pamzera woyera woimapo
matayala apyola ndi chikhatho chimodzi.

Chikhatho chimodzi basi.
Nsapato ya mwana wa sukulu ya mkaka
imatalika chomwecho.
Ndinaiona ine, yofiira, ili yokha
pakhomo pa sitolo ya mankhwala,
magalasi ali mbwee pansi.
Woyendetsa anali gogo waulemu ngati awa,
anakhoza mayeso ine ndisanabadwe,
tsikulo anaponda moto poyesa buleki.
Anakhala pansi, chipewa m'manja,
kufunsa aliyense wodutsa
kuti kodi galimotoyi yatani.

Ndiye musandiuze kuti kuyesanso munthu ndi nkhanza.
Maso amaperepeseka ngati matayala
mwini wake osamva kanthu,
khosi limauma mwakachetechete,
chiphaso m'thumba chili chatsopano.

Komatu kunja kwa mpanda uku, pamsewu weniweni,
mnyamata wa galimoto yakuda
wadutsa loboti itafiira, chala chili pa foni.
Ameneyo zithunzi zonse angazitchule chobwerera.
Nditamuika pambali panga pano
angakhoze mpaka ine kuwomba m'manja,
poti ulemu wa mphindi makumi awiri
aliyense amatha kubwereka.
Cholembera changa chimaona khosi louma,
mtima waphuma sichiuona.

Nanga ine?
Ndinayesedwa ndilibe imvi ngakhale imodzi.
Dzana ndinawodzera paloboti pochokera kuno,
anandidzutsa ndi hutala ya wam'mbuyo.
Panalibe wokhala kumanzere kwanga
woti alembe.

Tabwerera poimika. Injini yazima.
Manja awo akadali pa chiwongolero,
zala zokhota ndi zaka zodulira mitengo.
Chipale chofewa chayamba kugwa pagalasi,
kusungunuka chisanakhazikike.
Sakufunsa. Akuyang'ana pepala
ngati mmene munthu amayang'anira mtambo
maapozi asanathyoledwe.

Ndalemba chikhatho chija, poti chinachitika.
Ndachotsa malikisi ake.
Otsalawo akwana, movutikira.
Ndawauza kuti poima aziyamba msanga,
usiku azisiyira anzawo,
tidzaonanenso pakatha zaka zitatu.
Awerenga zitatuzo pa zala,
ndipo ndikudziwa kuti sakuwerengera iwo.

Sindikudziwa ngati ndapulumutsa munthu lero
kapena ndasainira ngozi ya mwezi wamawa.
Pepala silinena zimenezo.

Potuluka asiya apozi limodzi patsogolo, pafupi ndi galasi.
Malamulo salola kuti ndilandire,
kuthamangira nkhalamba kukabweza mphatso
nakonso sindingathe.
Ndalisiya pomwepo.
Wotsatira ndi mayi Nagaoka, ali ndi ndodo,
akhala, akonza kalilole, tanyamuka,
ndipo akangoponda buleki
apozi lija likugubuduka,
ine maso ali pa ilo
kuona kuti liima pati.