Mkaka Wokana Tiyi

Usiku wachitatu ku Pune, pansanjika yachisanu,
Shalmali akuthira mkaka umene sunakamidwe ku ng'ombe
m'kapu imene sidzasweka.

Timadontho mamiliyoni anayi pakompyuta,
kalikonse kauzidwa kulemera kwake,
kauzidwa mnzake woti kamukankhe.
Wadina batani. Makina ayamba kung'ung'udza.

Lolemba mkaka unaboola kapu
n'kugwera mumdima wopanda pansi.
Lachiwiri unalemera, n'kumatsika monyada ngati uchi.
Lero walowa bwinobwino, koma wakana chibale:
mkaka pawokha, tiyi payekha,
kuzembana ngati mkamwini ndi apongozi panjira yopapatiza.

Wachepetsa kunanda, wawonjezera kamvulumvulu.
Masekondi asanu a kanema
ameza maola naini.

M'bandakucha watsikira kumsewu, maso ali psuu.
Bambo Dhondiba, uku akukangana ndi wanjinga za chenji,
apendeketsa jagi pamwamba pa poto wowira,
zoyera ndi zofiirira n'kukumbatirana
osafunsa masamu kwa aliyense.

"Thiraninso," akutero Shalmali, "koma pang'onopang'ono,
ndione pamene mtambowo ukupindikira."

Bamboyo aseka, napukuta manja pamalaya.
"Mwanawe, ukufuna tiyi kapena ayi?
Pali anthu kumbuyo kwakoko."