Funso Lachinayi

Ku Pune mvula ikugogoda pazenera,
fani yapadenga ikuzungulira mwaulesi.
Gulu la Tejal laima kutsogolo,
majekete obwereka, mawondo akuwombana.

Bawuti inathyoka, akutero Omkar.
Chifukwa? Inamangidwa mopitirira muyeso.
Chifukwa? Sipanala inkanama.
Chifukwa?
Farhan akuloza mzere wofiira pakhoma,
ukukwera, ukutsika ngati chifuwa cha wodwala.

Mayi Gokhale avula magalasi:
"Nanga mwini makinawo munamufunsa?"

Zii.
Milungu isanu akukazinga manambala,
palibe anatsikako masitepe
kukapeza Bhau wa zala za girisi,
amene anaidandaula sipanalayo chaka chatha
mpaka malovu kuuma.

Anzawo akuwomba m'manja, mwaulemu chabe.
Tejal akulemba pachikhatho:
mawa mmamawa, kwa Bhau.