Dzina Lachiwiri pa Sikirini

Ndikapotokola kiyi m'mawa pa Dedza,
chifunga chisanachoke m'mitengo ya paini,
injini imatsokomola kawiri,
koma choyamba kudzuka ndi kabokosi
kobisala kuseri kwa dashibodi.
Kamandipatsa moni m'Chijapani.
Zaka zitatu tsopano, sindinayankhepo.

Zakeyu, wa mawaya kuseri kwa depoti,
anakasolola tsiku lina, kakukoka mchira wa nthambo,
zofiira, zachikasu, ina yotuwa ngati khoswe.
Anati: Aka n'kondakitala, bwana.
Ndiko kamauza mawu ndi zithunzi
wokhala kutsogolo, wopanikizika kumbuyo,
ndi wotsika pompano.

Ndakaona pa ntchito.
Nyimbo ili mkati mowira m'masipika anayi,
foni ikangolira, kamaikhazika pansi
monga mwana pofika alendo,
mawu a alamu n'kutulukira m'chitseko.
Ndikadula, nyimbo imadzuka pomwe inagwada.

Ndikaponya rivesi pa Lizulu,
pakati pa milu ya kabichi ndi zidebe za mbatatesi,
kamasesa zonse pa sikirini
n'kundibwereka diso la kunkhongo:
mzere wobiriwira, wachikasu, wofiira,
ndi chidendene cha mayi wa tomato
amene sanamve hutala.

Kanema ndiye kamakana galimoto ikuyenda.
Kamamvera kawaya ka handibuleki.
Ndikangotsitsa, a kwaya ovala zoyera aja amazimirira,
kutsala mawu okha.
Zakeyu anati akhoza kukanamiza kawayako,
faifi sauzande basi.
Ndinati kasiyeni. Maso anga ndi awiri okha
ndipo maenje a msewu uno sawerengeka.

Osati kuti sikalakwa.
Wailesi yake inkathera pa nainte
mpaka tinakagulira kena kokatsegula makutu.
Mapu ake amati tikuyandama pa nyanja yamchere
ife tili pa Bembeke, mbuzi ikudutsa.
Ndipo apo msewu umasanduka malire,
kumanzere kwathu, kumanja Mozambiki,
foni imathamangira netiweki ya eni ake,
mawu n'kuduka pakati pa chiganizo.
Kabokosi sikakalipa. Kamangogwira dzanja, kudikira.

Koma pali china.
Kamasunga maina a mafoni onse
amene anagwirana nako chanza pa bulutufu.
Loyamba ndi la munthu wa kutsidya kwa nyanja,
zilembo ngati popalasa nkhuku.
Lachitatu ndi langa.
Lachiwiri ndi GELESOMU.

Achimwene ndiwo anakaitenga ku Songwe galimotoyi,
ikadali ndi choko pagalasi.
Anakhala usiku wonse pabwalo, chitseko chotsegula,
kudinadina zilembo zosadziwa
mpaka foni yawo inalowa,
ndipo anakuwa ngati agoletsa chigoli.
Anadziika patsogolo pa mndandanda.
Anaiyendetsa chaka ndi miyezi inayi.
Foniyo ili m'sutukesi kwa alamu ku Mlangeni,
batire lake linatupa.

Kabokosi sikanapite kumaliro.
Palibe anakauza.
M'mawa uliwonse kamayamba ndi iwo:
kagudumu kamazungulira pa sikirini,
kuitana mumphepo, mamita khumi mbali zonse,
kufunsa matumba a okwera,
kufunsa anyamata oitanira, kufunsa chifunga.
Masekondi khumi ndi awiri. Ndinawerenga.
Kenako kamagwa mphwayi
n'kutembenukira kwa ine: tiii,
ngati kunena kuti chabwino, iwe womwewe.

Zakeyu anaona, anati ndiye chikuchedwetsa ichi,
batani ndi ili, lofiirali, kamodzi kokha.
Chala chake chakuda ndi girizi chinali kale m'njira.
Ndinati ndibwera Lachinayi.
Papita Malachinayi ambiri.

Lero mayi wina wa thumba la nyemba pamiyendo
wati: Adalaivala, tadzadzatu, tiyeni.
Kagudumu kanali kakuzungulirabe.
Ndati dikirani pang'ono, mayi,
kuno n'kozizira,
injini itenthe kaye.